Za Nati Yomasuka M'mimba mwa Mthuthuthu

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za kachitsulo kakang'ono kamene kamakhala m'kati mwa njinga yamoto, ija makolo athu ankaitcha mthuthuthu. Ena adzati nkhani yotere ndi ya amakaniko. Koma taganizani kuti kuno ku Phalombe, kuyambira ku Migowi kufikira ku Chiringa ndi ku Nkhulambe, mthuthuthu ndiwo umanyamula wodwala kupita naye ku chipatala cha Holy Family, ndiwonso umafikitsa wansembe kwa munthu wofuna kudzozedwa mafuta. Ndipo mabanja ambiri amadya nsima chifukwa mwana wawo ali pa kabaza. M'chaka cha 2023, namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi misewu, njira zambiri zinatsala za mapazi ndi za njinga zokha.

Nonse mumaidziwa tcheni ya kumbuyo, pakuti imaoneka ndi maso. Koma mphamvu ya injini isanafike pa tcheniyo, imayamba yadutsa pa magiya awiri obisika m'chivundikiro cha kudzanja lamanja, m'mene muli oyilo. Giya yaing'ono ili kunsonga kwa mtanda umene pisitoni imazunguza, umene amakaniko amati crankshaft. Giya yaikulu ili kumbuyo kwa kilachi. Pa Honda CG125, ndi pa njinga zambiri za ku China zopangidwa motsanzira imeneyo, yaing'onoyo imazungulira pafupifupi kanayi kuti yaikulu izungulire kamodzi. Chimene chimagwira giya yaing'onoyo kuti isasunthe pa mtanda wake ndi nati imodzi yokha. Pa njinga za mtundu umenewu natiyo imagwiranso kambale kozungulira kosefa oyilo.

Nati imeneyi ikamasuka imayamba ndi kudandaula. Injini ikamalira pang'onopang'ono, njinga itaima, mumamva kugogoda kumbali ya kudzanja lamanja; mukawonjezera moto kapena kuuchepetsa mwadzidzidzi, kugogodako kumakula. Anyamata athu, amene amaopa kutaya ndalama za tsiku limodzi, amati, "Izilira choncho, bola ikuyenda." Pamenepo giya imakhala ikugwedezeka pa timizere ta mtanda wake kambirimbiri pa mphindi iliyonse, timizereto tikudyeka, ndipo tizitsulo topereseka tikuyenda ndi oyilo kulowa m'ziwalo zonse za injini.

Tinaona zimenezi ndi maso athu ku limana lina la kutsinde kwa phiri la Michesi. Mnyamata wina wa m'kwaya anali ndi njinga yogula pa ngongole, ndipo inagogoda masabata atatu. Usiku wina anadzutsidwa kuti anyamule mayi woyembekezera. Ali pakati pa njira nati inatheratu kumasuka, niyamba kupala chivundikiro, injini n'kuzima. Mayiyo anamufikitsa ndi njinga yakapalasa, ndipo Mulungu anachita chifundo, mwana anabadwa wamoyo. Koma banja la mnyamatayo linagulitsa mbuzi ziwiri ndi nandolo wa chaka chonse kuti ligule crankshaft yatsopano, ngongole ija ikadali pakhomo.

Kakonzedwe kake, vuto likadali laling'ono, sikafuna nzeru zozama, koma kudekha. Oyilo atsanulidwe m'beseni loyera injini ikadali yofunda, ndipo mwini njinga amuyang'ane padzuwa: akamanyezimira ndi tizitsulo, chitsulo chayamba kudyana. Kenaka achotse kiki ndi waya wa kilachi, namasule mabauti a chivundikiro, kuwaika mwandondomeko pa katoni, pakuti sali ofanana kutalika. Natiyo ichotsedwe yonse, asangoibwezera m'mene yamasukiramo. Mazinga ake ndi a mtanda atsukidwe ndi palafini ndi kuumitsidwa. Giya iyesedwe ndi dzanja: ngati ikugwedera pa timizere take, kumanga nati kokha sikuchiza, ndipo ndi bwino kumva choonadi chimenechi lero kusiyana ndi kuchimvera panjira usiku.

Pansi pa nati pamakhala washala, ndipo ameneyu ndiye mlonda wake. Pa njinga za mtundu wa Honda ndi wopindika ngati kambale, ndipo mbali yolembedwa OUT SIDE iyenera kuyang'ana kunja. Pa njinga zina ali ndi khutu lopindira pa nati. Khutu limene lapindidwa ndi kuwongoledwa kawiri latopa, agule wina. Dziwaninso kuti pa njinga zina mazinga a natiyi amamangira kumanzere, tsono munthu afunse asanakakamize sipanala.

Pali chinthu chimodzi chimene ife sitigwirizana nacho konse, ngakhale chafala pansi pa mitengo ya mango m'misika yathu: kumanga nati imeneyi ndi tchizulo ndi hamala. Natiyi ili ndi mipata inayi, ndipo ili ndi sipanala yakeyake ya mano anayi. Tchizulo chimatafuna mipatayo, nkhonya za hamala zimapweteka mabeya a crankshaft, ndipo palibe amene angadziwe ndi hamala ngati nati yafika pamuyezo wake. Makaniko amene alibe sipanala imeneyo abwereke kwa mnzake. Ndipo inu amayi ndi abambo amene mumapereka ndalama, muli ndi ufulu wofunsa kuti muione. Potsekereza magiya kuti asazungulire pomanga, asalowetse chitsulo cholimba pakati pa mano ake, koma chinsanza chopinda kapena kachidutswa kofewa ka aluminiyamu.

Potseka, gasiketi akhale watsopano, pakuti wakale wong'ambika amadontheza oyilo pa phazi la wokwera. Mabauti amangidwe pang'onopang'ono modumphanitsa, athire oyilo watsopano, pafupifupi lita imodzi, nayang'ane muyezo pa kandodo kake njinga itaima chilili. Akailiza, onse akhale chete ndi kutchera khutu kudzanja lamanja. Ngati mu oyilo woyamba uja munali tizitsulo, oyilo watsopanoyu amutsanulenso pakapita masiku owerengeka, ndi kumuyang'ananso padzuwa, asanalole njingayo kunyamula wodwala.