Gitala ya nsambo zisanu ya Daniel Kachamba

Ntchito yanga ndi yokonza magitala, mabanjo ndi zida zina za nsambo, ndipo kashedi kanga kali kuseri kwa nyumba ina kuno ku Area 14 mu Lilongwe. Zida zambiri zofika pa benchi yanga ndi za makwaya a m'matchalitchi, za ana a kumayadi kuno, ndi za anyamata oimba m'malo odyera ku City Centre. Onsewa amafuna gitala ibwerere monga inatulukira ku fakitale: nsambo zisanu ndi imodzi, khosi lowongoka, kachunidwe ka m'buku. Ndimawachitira, pakuti ndi pomwe ndimadyera. Koma ntchito yomweyi yandionetsa kuti nzeru za woimba waluso zimabisala pa mmene anasinthira chida chake, ndipo tikamalira woimba koma osasunga zimenezo, tasunga dzina lokha. Chitsanzo changa ndi malemu Daniel Kachamba wa kwa Singano ku Chileka, amene anabadwa mu 1947 n'kutisiya mu 1987.

Kachamba ankachotsa nsambo yachisanu pa gitala yake. Kwa munthu wamba kameneko n'kanthu kakang'ono, koma kwa ife ogwira zida si nkhani yamasewera. Kaimbidwe ka gitala ka kuno kwathu kamadalira zala ziwiri: chala chachikulu chimayendetsa mawu a besi pa nsambo zonenepa, chamkombaphala n'kumatola nyimbo pa nsambo zoonda. Mukachotsa yachisanu, pakati pa yachisanu ndi chimodzi ndi yachinayi pamatsala kampata, ndipo chala chachikulu chimagwa ndi mphamvu zake zonse osakhudza nsambo ina n'kudetsa mawu. Besi imamveka payokha ngati pali munthu wachiwiri. Kachamba akawonjezerapo kachitoliro ka pakamwa ndi mawu ake, womvera pa wailesi ankaganiza kuti ndi bandi yathunthu pomwe ndi munthu mmodzi atakhala pa mpando.

Ena amati umenewo unali umphawi chabe, kuti nsambo inaduka ndiye mkulu uja anasowa ya m'malo mwake. Wonena zimenezi sanamangepo nsambo. Imene imaduka kawirikawiri ndi yoyamba, yoonda ngati ulusi, ndipo wosauka amailowetsa ndi waya wa mabuleki a njinga monga amachitira opanga mabanjo kumudzi. Yachisanu ndi yonenepa, imachita dzimbiri isanaduke. Komanso mu 1972 Daniel ndi mng'ono wake Donald anakaimba mpaka ku Ulaya; munthu wofika kumeneko sangasowe nsambo imodzi. Anaichotsa dala chifukwa khutu lake linkafuna zimene gitala ya m'sitolo sinkampatsa. Umphawi ulipo m'mbiri ya zida zathu, sindikana: zigubu za mafuta zasanduka magitala, pensulo yomangidwa ndi mphira yagwira ntchito ya kapo. Koma kusowa kumangokankha munthu. Chosankha kuti achotse chiyani n'kusiya chiyani ndi luso.

Ena amati Kachamba sanayambitse kanthu chifukwa kwela, mtundu wa nyimbo umene ankaimba, ndi ya ku South Africa. N'zoona kuti banja lawo linakhalako ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo kumeneko anyamatawa anamva kwela ikuwira. Koma nayo gitala inabwera pa sitima, ndipo palibe amati Allan Namoko sanali wathu chifukwa banjo ili ndi abale kunja. Funso la mmisiri ndi lakuti chinthucho chitafika m'manja mwako unachitenga bwanji. Oimba kwela ankalowetsa chitoliro chachitsulo mkati mwa kamwa mochipendeketsa kuti chilire monenepa, zimene wopanga wake sanaziganizirepo, ndipo Donald anapitiriza kaimbidwe kameneka mpaka imfa yake mu 2001, kwawo kwa kwela itazilala kalekale. Daniel anatenga sinjonjo ndi lumba n'kuziphatikiza pa gitala imodzi, m'Chichewa cha ku Chileka.

Chotsutsa chimene ndimachilemekeza ndi chakuti nyimbozo zinajambulidwa, ndiye palibe chimene chatayika. Gerhard Kubik wa ku Vienna anakumana ndi abale awiriwa ku Blantyre mu 1967, anawajambula mawu ndi kanema, n'kulembanso buku la bandi yawo. Moya Malamusi anasonkhanitsa zambiri kwa Singano komweko. Tiyamike, pakuti oimba ambiri a nthawi imeneyo anapita opanda ngakhale chithunzi. Koma tepi imasunga mawu, siisunga dzanja. Mnyamata amene wamva nyimbo ya Kachamba pa foni n'kuitsatira pa gitala ya nsambo zonse, yochunidwa monga mwa buku, manotsi amawapeza ndithu, koma zimatuluka zozizira ngati nsima ya dzulo. Amadzudzula zala zake pomwe vuto lili pa chida. Sakudziwa nsambo imene inachotsedwa, sakudziwa pamene kapo inamangidwa, ndipo palibe womuuza chifukwa m'maphunziro ambiri a gitala amayambira pa makodi a m'mabuku a kunja. Nzeru ya dzanja imafa msanga kuposa nyimbo, ndipo imafa mwakachetechete, wailesi ikadali kuimba.

Musandiuze kuti nthawi ya zimenezi inatha poti ana a lero akupanga nyimbo pa kompyuta. Madalitso Band inayambira m'misewu ya Lilongwe yomwe ino, Yobu Maligwa ali pa babatoni wa nsambo imodzi, Yosefe Kalekeni ali pa gitala ya nsambo zinayi ndi ng'oma ya kuphazi, ndipo zida zomwezo zawafikitsa pa masiteji a ku Ulaya. Akunja sakuwaitanira kuti akuimba ngati iwo.

Pempho langa likupita kwa amisiri anzanga ndi kwa aphunzitsi a nyimbo, kuphatikizapo a Music Crossroads ku Area 23. Gitala ikabwera yoperewera nsambo, funsani mwini wake musanamange yatsopano. Mkulu wokhala ndi kachunidwe kake akadali moyo, khalani naye pansi, lembani nsambo iliyonse ndi mawu ake, jambulani zala zake chapafupi osati nkhope yokha. Ndipo pa tsiku lokumbukira Kachamba, wina amasule nsambo yachisanu pamaso pa ana, awaonetse mmene chala chachikulu chimagwera.