Cipolopolo cikalowa sindiye kuti cayenera

Kwathu kuno ku Angónia m'nyumba zina mudakali mfuti zakale za macaka, zija Apwitikizi amati caçadeira. Yanga ndinasiyiridwa ndi amalume. Ndimaipukuta ndi mafuta, koma sindiikamo cipolopolo ciliconse cimene wina wandipatsa, ngakhale nguluwe zitalusa bwanji m'munda wa cimanga. Anzanga amandiseka, amati, "Acimwene, ngati calowa ombani basi." Ine ndimakana, ndipo ndili naco cifukwa.

Mukamasula mipope n'kuyang'ana kunsi kwake, mupeza zilembo ndi manambala. Pa yanga pali ELG, kutanthauza kuti inayesedwa ku Liège, m'dziko la Belgium. Palinso 12-65. Nambala 12 ndi kukula kwa mpope, pamene 65 ndi kutalika kwa cipinda cokhalamo cipolopolo, mamilimita 65. Zipolopolo zambiri za masiku ano ndi za mamilimita 70, zina 76.

Msampha wagona apa: kutalika kwa cipolopolo amakuyeza citaombedwa kale, kamwa lake litatambasuka. Cisanaombedwe cimakhala cacifupi, n'cifukwa cake ca 70 cimalowa bwinobwino m'cipinda ca 65, mfuti n'kutsekeka. Cikaphulika, kamwa lija limasowa potambasukira, limapanikiza njira ya macaka, ndipo mphamvu ya moto imakwera m'kati mwa mpope wokalamba kale.

Onga nawonso unasintha. Mfuti zakale kwambiri anazipangira onga wakuda, wofuka utsi. Wa masiku ano, wopanda utsi, unayamba ku France m'caka ca 1884, ndipo mfuti ya ku Liège imene inayesedwa nawo imakhala ndi kamkango ndi zilembo PV. Mipope ina, yooneka ngati ili ndi maluwa opotana, anaipanga pokulunga timizere ta citsulo n'kutiwocerera pamodzi. Dzimbiri limabisala m'molumikizamo, mmene diso silifika. Palinso macaka. Akale anali a mtovu, wofewa. Ena a lero ndi a citsulo, ndipo amatha kutupitsa mpope wakale kukamwa kwake kumene kuli kopanikiza.

Kawirikawiri mfuti yotere siphulika tsiku loyamba ayi. Itha kupirira zaka, mwini wake n'kumati zonsezi ndi mantha cabe, pamene citsulo cikutopa mwakacetecete. Tsiku long'ambika, dzanja lamanzere limakhala litagwira mpope womwewo, nkhope ili pafupi. Dzanja limenelo ndi lomwe limagwira khasu.

Ine ndimafunafuna zipolopolo za 65 za macaka a mtovu, zimene zikupangidwabe, ndipo ndikazisowa mfuti imakhala. Nguluwe timazicingira ndi mpanda, moto ndi agalu. Inu amene muli ndi mfuti ya makolo ndi cilolezo cake, werengani kunsi kwa mipope. Ngati zilembo zinafufutika, musaombe mpaka mmisiri wa mfuti ataiona.