Pa laputopu yanga inali kusebenza

Nili na miyezi itatu chabe pa nchito, ba boss ananiuza kuti website ya mu office imene ninapanga, yopemphera leave na kuona ma payslip, iyenera kuchoka pa laputopu yanga kuti ikhale pa server. Ninavomera osaganiza. Pa XAMPP inali kusebenza bwino maningi.

Pa Chisanu madzulo ninakopa mafayelo onse na database, nayenda kunyumba mokondwa. Pa Lolemba m'mawa amayi a ku accounts anaitsegula: zithunzi kulibe, tsamba la login silitseguka.

"Koma amayi, pa laputopu yanga isebenza."

"Manje mufuna tonse tizibwera pa laputopu yanu?"

Nsoni zinanigwira. Mavuto anali awiri, onse anga. Laputopu yanga ili na Windows, server ili na Ubuntu. Ku Windows, Logo.png na logo.png ni fayelo imodzi. Ku Linux ni mafayelo awiri osiyana. Lachiwiri, mu ma link ninalembamo localhost. Liwu limeneli litanthauza "kompyuta ino", ndiye kompyuta ya amayi inali kufuna tsambalo mkati mwake momwe.

Pokonza ninapeza china choopsa: database inali kulowa na root yopanda password, monga XAMPP imabwerera. Malipilo a anthu anali momo.

Ninatuluka mu office usiku, ma minibasi atachepa. Masiku ano sininena kuti nasiliza ngati sininayese pa kompyuta ya munthu wina.