Ku Likoma Kudzera Mlengalenga

Amayi anzanga, njira zopitira ku chilumba cha Likoma zilipo ziwiri. Yodziwika ndi ya pamadzi: sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda panyanja yathu m'chaka cha 1951, imakunyamulani ku Nkhata Bay, kuima pa Chizumulu, ndi kukakutulani ku Likoma. Koma nyengo ya mwera nyanja ilibe chibale, ndipo wamseru amafika atalefuka. Ina ndi ya kandege kochokera ku Lilongwe, ulendo wa ngati ola limodzi.

Mukadzayandikira, mudzasuzumire pawindo. Mudzaona milambe ili ngundangunda pakati pa miyala, ndi mapiri a ku Mozambique chapafupi, pakuti chilumbachi nchathu koma chazingidwa ndi madzi a eni. Denga lalitalilo ndi tchalitchi cha St Peter, chimene mwala wake wa maziko unaikidwa mu 1903. Kenaka mudzaona poterapo, kamsewu kafupi, nyanja ili pambali, ndipo mtima udzafunsa kuti, nanga mabuleki atakana?

Funsoli si lamantha chabe. Mabuleki a ndege amagwira ndi mafuta otsekeredwa m'timapaipi, amene amisiri amati haidiroliki. Woyendetsa akaponda, mafutawo amakankha zitsulo zofinya tayala. Paipi ikabooka mafuta ndi kutayika, amangokhala ngati akuponda phala.

Komabe tindege monga Cessna Caravan sitidalira mafutawa pouluka. Matayala ake sapindika, amakhala panja nthawi zonse, ndipo mapiko ndi mchira zimawongoleredwa ndi zingwe zachitsulo. Tayala lakumanja lili ndi buleki yake, lakumanzerenso yake. Woyendetsa wosamala amayamba waponda asanatere, kuti amve ngati ali olimba. Akamva kufewa sakakamira: amadziwitsa anzake a pansi pa wailesi, ndipo ngati mafuta oyendera alola, amatembenukira kubwalo lalitali monga la Kamuzu ku Lilongwe, kumene angatere mofatsa, moyang'anana ndi mphepo, ndege ndi kukaima yokha patali. Tsono mukadzamva zobwerera, chilumba chili pamphuno, achibale akudikira pansi, musadzamunyinyirike bamboyo kapena mayiyo.

Ndege zikuluzikulu zopita ku Johannesburg nkhani yake ndi ina. Mkono wa munthu sungasunthe mapiko ake, choncho pafupifupi zonse zimayenda ndi mafuta omwewa. Nchifukwa chake Airbus A320 ili ndi njira zitatu za mafuta osasakanikirana, zotchedwa yobiriwira, yachikasu ndi yabuluu. Imodzi ikatayika, belu limalira kutsogoloko. Woyendetsa mmodzi amangosamala za kuulutsa ndege, mnzake akuwerenga ndondomeko mzere ndi mzere, popeza wodzidzimuka amaiwala ngakhale zimene amazidziwa bwino. Matayala akakana kutsika, amamasula zokowera, iwo ndi kugwa okha ndi kulemera kwake.

Njira zonse zitatu kutha pamodzi nkosowa, koma kunachitikapo. Pa 19 Julaye 1989 injini yakumchira ya ndege ya DC-10 inaphulika ku America, zidutswa zake zinadula mapaipi onse. Kaputeni Al Haynes ndi anzake anaiwongolera powonjezera ndi kuchepetsa moto wa injini ziwiri zotsala, mpaka kubwalo la Sioux City. Inasweka potera, anthu oposa 100 anamwalira, komabe mwa anthu 296 opitirira 180 anapulumuka.

Inu kandege kanu kakadzaima, fungo la usipa wapathandala lidzakulandirani panjira ya ku Mbamba, kumene kuli msika. Nsima ya kuno ndi kondowole, ndipo imamatirira m'manja kuposa ya mgaiwa; mudzayambe mwanyowetsa zala. Lamulungu mudzalawire ku tchalitchi chija mukamve nyimbo za Chinyanja cha kuchilumba. Katundu wobwerera naye mudzachepetse, pakuti pa kandege amayeza kulemera kwa chilichonse, ndipo thumba lalikulu la usipa lingathe kudzakutsatani pa Ilala.