Kachingwe ka agogo



Sabata yatha, ndikufufuza m'bokosi la malemu agogo anga, ndinapeza kachingwe kokhala ndi kachitsulo ka mkuwa kumapeto. Ana anga ankati n'kowedzera nsomba. Ayi ndithu. Agogo anali msilikali wa KAR, ndipo mu 1944 anamenya nkhondo ku Burma. Kachingweka ankatsukira mpope wa mfuti yawo ya Lee-Enfield .303, ndipo kankasungidwa m'kabowo ka kuthako kwa mfutiyo, limodzi ndi kabotolo ka mafuta.

Ankagwetsa kachitsuloko kuchokera kolowera chipolopolo mpaka katulukire kukamwa kwa mfuti, kenako n'kukoka chingwecho chitamangidwa kansalu ka mainchesi 4 m'litali ndi 2 m'lifupi. Zipolopolo za nthawi imeneyo zinkasiya mchere mumpope, choncho akawombera ankayamba athiramo madzi owira. Kupanda kutero, dzimbiri silinkachedwa.

Mawu amene ankandibwerezera ndi awa: "Mdzukulu wanga, chingwe umakoka mowongoka." Chikamakhula m'mphepete mwa kamwa tsiku ndi tsiku, chimadya chitsulo pang'onopang'ono, mfuti n'kuyamba kuphonya. Woiwononga amakhala mwini wake yemwe, uku akuti akuisamala.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinakumbukira mnyamata wina wa Fomu 3 amene ndinkamudzudzula tsiku lililonse pamaso pa anzake, ine n'kumati ndikumuwongola. Anasiya sukulu teremu isanathe. Ngati ukuwerenga izi, mwana wanga, undikhululukire.

Kachingweko ndakaika patebulo langa kusukulu, pafupi ndi cholembera chofiira.