Anapiye Athu Sadziwa Amayi Awo

Mu komboni iliyonse ya mu Lusaka muli wachinyamata amene asunga mabroila kuseli kwa nyumba. Pitani ku Kanyama, ku Chawama, ku Mtendere kapena ku Matero, mudzapeza kakhola ka malata na masaka, mkati muli anapiye 50 kapena 100. Nchito zasowa, ndipo nkhuku ni bizinesi imene imabweza ndalama m'mawiki sikisi chabe. Ambili timayamba na ndalama ya chilimba kapena ya nkhongole kwa amalume. Ndiye chifukwa chake mantha amakula. Anapiye 20 akafa mu wiki yoyamba, phindu lonse lapita.

Mantha amenewa ndiwo amatigulitsa kapaketi ka ufa wachikasu, kambili oxytetracycline, tsiku lomwelo logula anapiye. Tikafika ku nyumba timasungunula m'madzi awo, asanadwale n'komwe. Pa pulogilamu ya alimi ku wailesi kumene nimathandizila, funso limene limabwela kawili-kawili pa foni ni lakuti, "Niwapatse mankhwala ati kuti asafe?" Ni ochepa amafunsa chimene chimapha anapiyewo. Ine niona kuti funso lachiwilili ndilo lingapulumutse nkhuku, na ife tomwe amene timazidya.

Ganizilani nkhuku ya kumudzi. Ikaswa mazila, anapiye amayenda pambuyo pake, kujompha pamene yapalasa, na zitosi zake zomwe amajompha. Zioneka zonyansa, koma umu ni mmene amamezela mabakiteliya abwino okhala m'matumbo a nkhuku yaikulu. Mabakiteliya amenewa akakhazikika amadzaza malo m'matumbo, amadya zimene oipa akanadya, ndipo ena amapanga asidi amene amalepheletsa tuzilombo monga Salmonella kukula bwino. Zili monga minibasi yodzala pa Kulima Tower: wobwela mochedwa alibe pokhala.

Manje broila wathu amaswedwa m'makina, m'chipinda chotsukidwa na mankhwala. Sanaonepo make. Amafika kwa ife mu katoni, mipando yambili m'matumbo mwake ilibe wokhalapo. Woyamba kufika, wabwino kapena woipa, ndiye adzakhale. Pamenepo ife timabwela na antibayotiki, amene sasankha: amapha oipa na abwino omwe. Otsala ni aja olimba amene mankhwala alephela kuwapha, ndipo amachulukana momasuka pakuti opikisana nawo afa.

Vuto la mwanapiye wopanda make analiona kale ku Finland. Mu 1971 Salmonella inafalikila m'mafamu a mabroila m'dziko limenelo. Wasayansi Esko Nurmi na mnzake Rantala anayesa chinthu chosavuta: anatenga za m'matumbo a nkhuku zazikulu zathanzi, kuzisungunula, na kumwetsa anapiye ongoswedwa kumene. Atawapatsa Salmonella pambuyo pake, kachilomboko kanalephela kukhazikika monga mmene kanachitila mwa anapiye osamwetsedwa. Zimene anapeza zinatuluka mu 1973 mu magazini ya sayansi ya Nature. Anapiyewo sanapatsidwe mankhwala alionse, anangobwezeledwa zimene make akanawapatsa.

Maprobayotiki amene amagulitsidwa masiku ano amatsatila nzelu imeneyi. Ni mabakiteliya amoyo, monga Lactobacillus na Bacillus subtilis, amene amaikidwa dala m'madzi kapena m'chakudya cha ziweto. Kwa ise a mu Zambia si zachilendo kwenikweni. Kuwawasa kwa mabisi, munkoyo na chibwantu kumachokela ku mabakiteliya opanga asidi, abale awo a Lactobacillus. Sinikamba kuti muzithila mabisi m'zomwela za anapiye, iyai. A mu paketi amasankhidwa na kupimidwa kuti agwile nchito m'matumbo a nkhuku. Nikamba chabe kuti agogo athu anali kudziwa kale kuti si kachilombo kalikonse kamene ni mdani.

Mwina mungafunse kuti, nanga ine amene sinisunga nkhuku zinikhudza bwanji? Mabakiteliya olimba aja satsalila m'khola. Manyowa timagulitsa kwa a madimba a lepu na chibwabwa. Madzi otsukila khola amapita mu ngalande, ndipo mvula ikasefukila amalowa m'zitsime zosazama zimene anthu amatungamo. Amene wasosola nkhuku ndiye amadyetsanso mwana na manja omwewo. Choopsa kwambili n'chakuti mabakiteliya amapatsana majini, moti kulimba kumene kunayambila mwa E. coli wa m'chiweto kungafike kwa kachilombo kodwalitsa munthu. Mu 2015 ku China anapeza jini yochedwa mcr-1 mu mabakiteliya a nkhumba. Jini imeneyi imalepheletsa colistin, mankhwala amene madokotala amasungila wodwala amene mankhwala ena onse amukana. Pasanapite nthawi yaitali inapezekanso m'maiko ambili, mu ziweto na mwa anthu.

Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 anthu pafupi-fupi 1.27 miliyoni anafa pa dziko lonse chifukwa cha mabakiteliya osamva mankhwala, ndipo poyelekezela na kuchuluka kwa anthu, chigawo chathu cha Africa kum'mwela kwa Sahara ndicho chinakhudzidwa kwambili. Si nkhuku zokha zili na mlandu. Nafenso anthu timagula makapusozi pa chimfine na kuwasiyila panjila tikamvako bwino. Koma tetracycline amene timamwetsa anapiye athanzi ni wa banja limodzi na amene dokotala amalembela munthu. Tsiku limene mwana wa mlongo wanu adzagonekedwa, dokotala n'kusintha mankhwala kawili katatu koma thupi osazizila, nkhani imeneyi siidzakhalanso ya alimi okha.

Maiko ena anasiya kale chizolowezi chimenechi. Sweden inaletsa kuika maantibayotiki m'chakudya cha ziweto pofuna kuzikulitsa msanga mu 1986, ndipo European Union yonse inaletsa kuyambila mu January 2006. Sizinali zopepuka. Ku Sweden ana a nkhumba ambili anayamba kutsegula m'mimba zaka zoyambilila, mpaka alimi atasintha ukhondo, kadyetsedwe na kachulukidwe ka ziweto m'khola. Koma ulimi wa nkhuku na nkhumba sunafe. Kuno kwathu boma lili na pulani yolimbana na vutoli ya zaka za 2017 mpaka 2027, ndipo ZAMRA ndiyo imayang'anila mankhwala, a ziweto omwe. Chabe kuti pulani ya mu ofesi siifika yokha kuseli kwa nyumba ku Chawama. Kumeneko wosankha zothila m'madzi ni iwe na ine.

Nisakunamizeni, maprobayotiki si matsenga. Sachilitsa nkhuku imene yadwala kale, nchito yawo ni kuteteza. Chitopa na Gumboro zimayamba na mavailasi, ndipo pa izi antibayotiki na probayotiki onse alibe mphamvu, chofunika ni katemela pa nthawi yake. Pakuti ni zamoyo, ambili amafa paketi ikakhala pa dzuwa, amafa m'madzi a klolini yambili, amafanso mukawasakaniza na antibayotiki mu chigubu chimodzi. Si onse ogulitsidwa amene amagwila nchito mofanana, choncho onani deti yothela mphamvu na malangizo a pa paketi. Ndipo m'khola la utuchi wonyowa, mmene nkhuku zapanikizana monga kapenta mu saka, palibe kachilombo kabwino kamene kangapambane.

Anapiye ambili amene amafa mu wiki yoyamba amafa na zinthu zimene paketi iliyonse siingakonze. Amafunika kutentha kwa madigili 32 kapena 33 masiku oyambilila. Malaiti akazima usiku mu June amaunjikana pakona, apansi n'kufa. Tikaika mbaula na kutseka mpweya wonse, utsi umawamaliza. Zomwela zosatsuka tsiku lililonse na alendo olowa m'khola na nsapato zochokela ku khola lina zimabweletsa matenda ambili kuposa amene ufa wachikasu ungathamangitse. Kukonza zimenezi kumafuna kudzuka usiku, koma sikufuna ndalama zambili.

Nanga nkhuku zikadwaladi? Apo m'pamene antibayotiki ali na malo ake. Funsani dokotala wa ziweto, osati gulu la pa WhatsApp, kuti mudziwe ngati matendawo ni a mabakiteliya. Pelekani mlingo wokwana kwa masiku onse olembedwa. Pa paketi pamakhalanso masiku oyembekeza musanaphe kapena kugulitsa nkhuku, kuti mankhwala achoke mu nyama. Niziwa kuti chakudya chikatha mu wiki ya sikisi mtima umathamangila ku msika. Koma nkhuku imeneyo adzadya ni mayi wa pa nyumba yachitatu, amene mawa mudzapatsana naye moni.

Ulendo wotsatila mukapita kukatenga anapiye, wogulitsa akakutambasulilani kapaketi kaja, mufunseni kuti muli chiyani. Ngati ni antibayotiki ndipo anapiye anu ni athanzi, kasiyeni pa kauntala. Funsani za katemela, za mavitamini opanda antibayotiki, na za probayotiki. Tikafunsa ambili, mashopu adzayamba kusunga zimene tifuna. Maantibayotiki tiwasungile tsiku limene nkhuku, kapena mwana, wadwaladi.