Injini yongolira pa doko

Anzanga a kunyanja, a ku Msaka, Malembo, Makawa mpaka ku Senga Bay, kuno ku Nsanje dzuwa likuswa mtengo ngati kale. Lero nkhani yanga ndi ya mapemphero, ndiye werengani mpaka pansi musanandiyankhe.

Pali chinthu chikundivuta ndi ife achinyamata opemphera. Kukabwera msonkhano wa chitsitsimutso timathamangira kutsogolo kukalandira Yesu. Chaka chamawa kubwera mlaliki wina, kutsogolo kuli ife omwe aja. Ena tabatizidwa kawiri katatu, mpingo uliwonse womwe talowa. Kodi tikukula, kapena tikungoyambayamba?

Ntchito yanga mukuidziwa. Injini ya boti ikamalira pa doko osalowetsa giya, iliyonse imamveka yabwino. Umaidziwa boti litadzaza anthu, njinga ndi matumba a chimanga, mukulimbana ndi madzi pa Chiromo pomwe Ruo amathira mu Shire. Pamenepo pulagi yakupsa ndi kabureta yotsekeka sizibisala. Chikhulupiriro chathu ambiri chimalira bwino Lamlungu, koma giya sichinalowepo.

Tsegulani Ahebri mutu 6. Wolembayo akutchula zinthu 6 zimene ndi maziko: kulapa, kukhulupirira Mulungu, chiphunzitso cha ubatizo, kusanjika manja, kuuka kwa akufa ndi chiweruzo chosatha. Kumapeto kwa mutu 5 akudandaula kuti anthu oyenera kuphunzitsa anzawo adakali pa mkaka ngati makanda. Sakunyoza maziko ayi. Koma ndani amakumba maziko a nyumba chaka chilichonse osayikapo njerwa? Umakumba kamodzi, molimba, nkuyamba kumanga.

Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ambiri a kummwera. Kuno madzi anameza midzi ya ku Makhanga, maboti ndi amene ankapulumutsa anthu. Masiku amenewo ndinkagona ndi sipanala m'manja. Pa kampu ina ndinakumana ndi agogo ena omwe mdzukulu wawo anapita ndi madzi, thupi osapezeka. Kuwerenga sadziwa. Koma madzulo ndi iwo ankasonkhanitsa amayi kupemphera. Nditawapepesa anangoti, “Mwanangu, manda alibe, koma Mwini wake akudziwa pomwe wagona. Tsiku la kuuka sadzasowa.” Ndinasowa choyankha. Kuuka kwa akufa ife tinaloweza m'kalasi ya ubatizo kuti tikhoze mafunso, iwo anali atatsamirapo thupi lonse. Timabotolo ta madzi odzozedwa ndi zomata pa zitseko zinapita ndi nyumba zomwe. Chomwe anatsala nacho ndi chimene chinali mkati.

Pafupi ndi Chiromo pomwepo ndi pamene anamwalira Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA pa 31 Januwale 1862. Bwato lake linagubuduka, mankhwala a malungo nkutayika m'madzi, malungowo nkumutenga asanathe ndi chaka m'dziko muno. Anzake anachoka ku Magomero nkutsikira kwa Chibisa ku Chikwawa, kumeneko enanso anamwalira, kenako mishoniyo nkusamukira ku Zanzibar. Ndi maso a anthu, ntchito inafera pompo. Koma mishoni yomweyo inadzakhazikika pa Likoma mu 1885, ndipo tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene timachiona tikakwera Ilala chinachokera pamenepo. Akanakhala okhulupirira pokhapokha zinthu zikuyenda, bwenzi atasiyira pa manda oyamba aja.

Ndiye kukula mu uzimu nkutani? Sikufuula kwambiri popemphera. Bambo anga, msodzi wa chilimira, amati wodziwa nyanja amaoneka tsiku la mwera. Kulapa kwenikweni kumaoneka usipa ukagwidwa wambiri, ndalama ili m'thumba: ikupita kunyumba kapena ku kachasu? Kumaoneka mayi wogula nsomba akakhala kuti ndalama zamuchepera: umugulitsa mwachilungamo kapena umuuza kuti mukaonane usiku? Tisanamizane, zimenezi zikuchitika pa madoko pathu, ndipo ena ochita zimenezi Lamlungu amaimba kwaya. Wokhulupirira za chiweruzo saba mafuta a bwana wake poti palibe akumuona. Inenso pa ntchito yanga, kuika sipeya yakale nkulipiritsa ngati yatsopano ndi kusewera ndi miyoyo ya anthu okwera botilo, ndipo Mulungu adzandifunsa.

Pempho langa ndi ili, abale. Khazikikani pa mpingo umodzi, akudziweni, azikudzudzulani mukalakwa. Werengani Baibulo nokha, osangodikira mavesi a pa WhatsApp. Zinthu 6 zija muzidziwe moti mng'ono wanu akakufunsani mumufotokozere osachita chibwibwi. Kenako pezani mwana mmodzi pa doko muzimuphunzitsa. Zaka tili nazozi si zoyamwanso.

Amene zamukhudza atumizire mnzake. Amene akutsutsa alembe, tikambirane. Mupereke moni kwa onse kunyanjako, ndipo wobwera kuno asaiwale kausipa kouma.